Za Amisiri Omata Sampu m'Dziko la Malemia

Msewu umene umachoka ku Zomba kulowera ku Liwonde, wodzera pa Songani ndi pa Domasi m'dziko la Mfumu Malemia, phiri lili kudzanja lamanzere ndipo chigwa cha nyanja ya Chilwa chili kudzanja lamanja, udapondedwa ndi amtengatenga zaka zambiri usanaone tayala la galimoto. Pamene a mpingo wa Church of Scotland adatsegula mishoni ya Domasi m'chaka cha 1884, masiku amene mmishonale Alexander Hetherwick adali akali mnyamata wophunzira Chiyao pakati pa anthu a Malemia, katundu yense, mchere, nsalu ndi mabuku omwe, ankayenda pamutu. Ndipo ngakhale Zomba adasanduka likulu la boma m'chaka cha 1891, zinthu sizidasinthe msanga. Idali nkhondo ya 1914 mpaka 1918 imene idachulukitsa malole pa msewu umenewu, pakuti asilikali amene ankamenyana ndi Ajeremani kumpoto ankasowa chakudya ndi zida, ndipo zimenezi zinkatengedwa kupita ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi, kukakwezedwa m'sitima za panyanja. Tsono kumene kwafika galimoto, wokonza wake sachedwa kufikako.

Mwa ntchito zonse za umakaniko ndasankha imodzi yonyozeka, imene ngakhale eni magalimoto saiwerengera. Pansi pa injini pali chibeseni chachitsulo chimene amisiri amachitcha sampu, momwe oyilo amatsikira akatha kuzungulira, ndi momwe pampu imamuyamwanso kudzera m'kasefa kuti abwerere kumwamba. Chibesenicho chimamangidwa ku injini ndi timabawuti tambirimbiri, ndipo pamene zitsulo ziwirizo zakumana payenera kukhala chomata, pakuti oyilo wotentha amapeza njira ngakhale pamene diso siliona mpata. M'dziko lathu lino, kumene misewu yopita kumadoko a Chilwa ndi yokwera kumidzi ya m'tsinde mwa phiri ili ndi miyala ndi zigwembe, sampu ndiyo imayamba kulandira nkhonya. Imaphwanyika, imapindika mlomo, nitsitsidwa kawirikawiri kuposa mmene adaganizira amene adaipanga.

Amisiri akale, amene ambiri adaphunzira ntchito m'magalaja a boma ku Zomba, ena ku usilikali wa King's African Rifles pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, enanso ku mabasi a Nyasaland Transport Company ndi a UTM imene idadza pambuyo pake, ankamata sampu ya Bedford kapena ya Land Rover ndi gasiketi. Yabwino idali yopangidwa ndi khungwa lofewa la mtengo wina womera ku Portugal ndi ku Spain, koma popeza inkayenda ulendo wautali pa sitima ndi kukhalitsa m'sitolo ku Blantyre, inkafika itauma ndi kukhwinyata, kotero kuti mabowo ake sankalingananso ndi a sampu. Mmisiri wodziwa ankaiviika m'madzi ofunda kufikira itabwerera msinkhu wake. Ndipo ikasowa, monga inkasowera nthawi zambiri, iye sankakhala manja lende. Ankatenga pepala lolimba la gasiketi, kapena katoni chabe ngati pepalalo palibe, naligoneka pamlomo pa chitsulo chimene wapaka girizi pang'ono, nayamba kugogoda m'mphepete ndi mutu wobulungira wa kahamala, pang'onopang'ono, mpaka chitsulo chomwecho chitadula pepala monga mwa maonekedwe ake. Bowo loyamba likatseguka ankalowetsamo bawuti kuti pepala lisasunthe, nachita chomwecho pa ngodya ina, kenaka n'kuzungulira ponse. Mbali imodzi ankapaka shelaki wofiirira, womata zala, wochokera ku utomoni wa tizilombo ta ku India. Mbali inayo girizi, kuti tsiku lina sampu idzatsike osang'amba gasiketi. Mnyamata wophunzira ntchito ankatha miyezi akutsuka zitsulo m'palafini ndi kupatsira masipanala asanaloledwe kugwira kahamala kameneko, ndipo tsiku limene adadula gasiketi yake yoyamba yosadontha ndilo limene anzake ankayamba kumuona ngati munthu.

Pamene izi zinkachitika kuno, kutali kunkakonzedwa chinthu chimene chidadzasintha ntchito yonseyi. Frederic Kipping wa ku Nottingham adatha zaka zambiri akufufuza mankhwala ochokera ku chimene chimapanga mchenga, Eugene Rochow wa kampani ya General Electric adapeza njira yowapangira mochuluka m'chaka cha 1940, ndipo m'chaka cha 1943 kudakhazikitsidwa kampani ya Dow Corning yopanga silikoni. Mwa zimene zidatuluka m'menemo mudali phala la m'chubu limene limauma lokha likakumana ndi chinyezi cha mumpweya, n'kusanduka mphira wosaopa kutentha kapena oyilo. Opanga magalimoto, makamaka a ku Japan monga Toyota, adaona kuti phala limeneli lingathe kulowa m'malo mwa gasiketi, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 injini zawo zambiri zinkatuluka m'fakitale sampu itamatidwa ndi silikoni yekha. Ife tidazionera pafupi itadutsa 1994, pamene malonda adamasuka ndipo magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan adayamba kukhamukira kuno kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam, maminibasi a Hiace nadzaza msewu wa Liwonde. Mmisiri wozolowera Peugeot 404 ankamasula mabawuti onse, sampu osagwa. Ankaikanula ndi mphamvu, nafunafuna gasiketi, napeza kamzere kakuda kokha.

Ambiri adakondwa, ndipo sindiwadzudzula, pakuti chubu chimodzi chimakwana pa injini ya mtundu uliwonse, ndipo munthu sadikiranso katundu wochokera ku Limbe. Koma ine ndimakhulupirira kuti silikoni adapeputsa ntchito m'maso mokha, pamene m'choonadi adaonjeza zofunika kusamala. Gasiketi yakale inkakhululukira mlomo wakuda ndi wopindika pang'ono, koma silikoni sakhululuka. Mmisiri woona amayamba wapala zotsalira zonse zakale popanda kukanda chitsulo, makamaka ngati ndi aluminiyamu, nawongola mlomo wa sampu pamene mabawuti adaukoka, natsuka mbali zonse ziwiri mpaka nsalu yoyera ituluke yoyera, nadikira kuti paume, chifukwa dontho limodzi la oyilo lotsetsereka kuchokera m'kati mwa injini likwanira kusiya njira pansi pa phalalo. Akatero amadula kamwa la chubu pang'ono, nakoka mzere umodzi wosaduka, wonenepa ngati mamilimita 3, wodzera mbali ya m'kati ya mabowo a mabawuti, pakuti ukadzera kunja oyilo adzatulukira m'mabowomo. Sampu iyenera kukwera mphindi zowerengeka zisanathe, phala lisanachite khungu. Mabawuti amangidwe mopingasa, ili kuno lina uko, ndi dzanja lopepuka, popeza ndi ang'onoang'ono ndipo amathyoka msanga.

Cholakwa chimene chapha injini zambiri ndicho kuganiza kuti wochuluka ndiye wolimba. Phala likachuluka, pomanga limafinyikira kunja, kumene mwini galimoto amaliona nakhutira kuti pamatidwa ndithu. Koma limafinyikiranso m'kati chimodzimodzi, kumene palibe amene amaona, ndipo pakapita masabata zidutswa zake zimathothoka, zimayandama m'oyilo, nizikaunjikana pa kasefa ka pampu. Oyilo amachepa kumwamba, kanyali kofiira kamayamba kuphethira pa chikweza, ndipo tsiku lina injini imanoka, mwini wake n'kumati oyilo adali wachinyengo kapena wina wamuchita chipongwe. Enanso, pofuna kusunga ndalama, amagula silikoni woyera wa m'mahadiweya, uja womatira magalasi a nyumba wonunkha ngati viniga, osadziwa kuti asidi wake amadyetsa dzimbiri ndipo silikoniyo amaononga tizida toyeza utsi m'magalimoto a masiku ano. Wa injini nthawi zambiri ngwakuda kapena wotuwa, ndipo pa chubu pake pamalembedwa kuti amapirira oyilo.

Chotsala ndicho chovuta kuposa zonse, ndiko kudikira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma dalaivala wa minibasi amene bwana wake akuyembekeza ndalama ya tsikulo madzulo alibe mtima wa miyambi, ndipo sindingamuweruze, pakuti ana ake amadya za tsiku lomwelo. “Achimwene, thirani oyilo ndizipita, anthu akudikira pa siteji,” amatero sampu itangokwera. Mabuku a opanga magalimoto amalamula maola angapo oyilo asanathiridwe, ndipo phalalo limakhwima kwathunthu pakatha tsiku lonse. Izi amaphunzitsa ku Nasawa ndi m'masukulu ena a ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, koma anyamata ambiri a m'magalaja a m'mbali mwa msewu sadapiteko, ndipo chimene adziwa ndi chimene aona mbuye wawo akuchita. Chifukwa chake ndimalemekeza amisiri aja, ndipo alipo pakati pa Songani ndi Domasi, amene amalola kutaya kasitomala m'malo mothira oyilo pa silikoni wamuwisi. Iwo amanena poyamba, ntchito isanagwiridwe, kuti galimoto igona. Mwini wake akakana, amamuuza mwaulemu kuti apite kwina, ndipo akavomera, makiyi amagona m'thumba la mmisiri mpaka kutacha.