Tizipangizo ta NFC ndi msonkho wake pa malire

Tizipangizo ta NFC ndi tating'ono, tokhala ndi chip ndi kawaya kozungulira mkati. Tilibe batire: timalandira mphamvu kucokera ku lamya kapena makina owerengera akayandikira masentimita pafupifupi 4. Luso limeneli limagwira nchito m'makadi a kubanki olipirira mongogunditsa, m'makadi otsegulira zitseko, ndiponso pozindikiritsa katundu.

Pa ndondomeko ya Harmonized System, imene inayamba mu 1988, tizipangizoti kawirikawiri timaikidwa pa nambala 8523.52, pamodzi ndi ma smart card. Woitanitsa katunduyu m'Zambia ayenera kupereka nambala yoyenera ku Zambia Revenue Authority, cifukwa msonkho umawerengedwa motsatira nambalayo. Nambala yolakwika ingacedwetse katundu pa malire, ndipo mwini wake angalipitsidwe cindapusa.