Mamangidwe a Nyumba ndi Nkhondo za Mizinga

Mudzi wa Kawaza uli m'cigwa ca Luangwa, m'dziko la Akunda, m'boma la Mambwe, kufupi ndi Mfuwe. Monga mwa mamangidwe a makolo a m'cigwamo, munthu wofuna nyumba amayamba wadula mitengo ya tsanya, imene ena amati mupani, pakuti mtengo umenewu ngwolimba ndipo ciswe sicifulumira kuudya. Akatero amazika nsici, namanga mbariro ndi luzi, namata dothi kunja ndi m'kati, ndipo pamwamba amaika phaso nafolera ndi udzu. Nyumba yotere anaiganizira dzuwa loopsa la mwezi wa October, mvula ya dzinja, ndi zirombo zoyenda usiku, ndipo pa zonsezi imacita bwino. Koma nkhondo ikafika nyumba imayesedwa ndi muyeso wina, ndipo mbiri ya maiko ozungulira cigwaci isonyeza kuti kawiri kawiri cimene cinapulumutsa kapena kupha anthu cinali dothi, udzu kapena mtengo umene anamangira.

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'mwezi wa November 1835, ndipo patapita zaka makumi angapo mwana wace Mpezeni anakhazikika pa mtunda, kumene lero kuli Chipata. Kucokera kumeneko magulu a nkhondo ankatsikira m'cigwa, ndipo kucokera ku Zambezi kunkabwera Acikunda ofuna minyanga ndi akapolo. David Livingstone pooloka Luangwa m'mwezi wa December 1866 anapeza anthu akukhala ndi mantha a Angoni, amene masiku amenewo ankachedwa Mazitu. Cifukwa ca mantha otere midzi yambiri inazingidwa ndi malinga. Linga linali mitengo yozikidwa mothithikana kuzungulira mudzi wonse, pena pomata ndi dothi, pena pochinga ndi minga, ndipo khomo lace linali lopapatiza. Kwa munthu wa nthungo ndi cishango linga linali cinthu cobvuta ndithu, ndipo ngakhale mfuti za gogodera sizinali kuliboola kweni kweni. Coipa cace cinali cakuti nyumba zinapanikizana m'kati, denga kukhudzana ndi denga, kotero kuti moto ukagwira nyumba imodzi mudzi wonse unali pa tsoka.

Linga linakomana ndi mzinga wa Azungu ku Karonga, kumpoto kwa nyanja ya Malawi, ndipo zimene zinacitika kumeneko zinadabwitsa eni mzingawo. Mlozi, Mswahili wogulitsa minyanga ndi akapolo, anamanga linga lace ku Mpata, ndipo anzace awiri, Kopakopa ndi Msalemu, anamanga ao pafupi. M'caka ca 1887 anayambana ndi Angonde eni dziko, ndiponso ndi Azungu a African Lakes Company, imene anthu ankaicha Mandala. Angonde ambiri anathawira m'bango la thamanda la Kambwe, koma adani ao anayatsa bangolo, ndipo amene anathawa moto anakomana ndi mfuti kapena ng'ona. Pothawira pao panali pobisika bwino, koma panali pa cinthu coyaka.

M'caka ca 1888 kunafika msilikari wa Cingerezi, Frederick Lugard, natsogolera nkhondo ya Mandala. M'mwezi wa June anayesa kulanda linga la Kopakopa pokwera khoma, koma anaomberedwa cipolopolo cimene cinambvulaza manja onse awiri ndi cifuwa, ndipo anthu ace anabwerera. Pamenepo Azunguwo anati cosowa ndi mzinga basi. Mzingawo unafika kuciyambi kwa 1889, woponya cipolopolo colemera mapaundi 7, ndipo onse anayembekeza kuti malinga adzagwa tsiku limodzi. Ataomba anaona zipolopolo zilikugunda khoma bwino lomwe, koma zinangopyola, kusiya kabowo kakang'ono, ndipo khoma linaimabe. Lugard anacoka ku Karonga m'mwezi wa March caka comweco malinga onse atatu ali ciriri.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Cipolopolo ca mzinga wotere cimakhala ndi wonga m'kati mwace, ndipo cimaphulika cikagunda cinthu colimba cimene cicititsa kuti ciime modzidzimuka. Khoma la miyala kapena la njerwa limakana, ndipo pokanapo limalandira mphamvu yonse ya cipolopolo, nkusweka, ndipo zidutswa zace zimasanduka zida zolasa anthu a m'kati. Khoma la mitengo ndi dothi silikana. Mtengo umodzi ukathyoka inzace imakhalabe, popeza uli wonse unazikidwa paokha ndi kumangidwa ndi luzi limene limapindika osaduka. Ndipo bowo lingathe kumatidwa usiku womwewo ndi munthu mmodzi wokhala ndi khasu ndi mtsuko wa madzi. Mzinga umene unapangidwira malinga a miyala unapezeka wopusa pamaso pa matope.

Harry Johnston anapangana za mtendere ndi Mlozi m'mwezi wa October 1889, ndipo m'zaka zotsatira Mlozi anakuza linga lace. Analimanga monga amangira nyumba za tembe ku Unyamwezi, m'dziko limene lero ndi Tanzania: makoma awiri, lina kunja lina m'kati, ndipo mpata wa pakati anaufolera ndi mitengo ndi dothi locindikala, osaika udzu. Mumpatamo munali zipinda zokhalamo anthu a mfuti, ndipo khoma lakunja linali ndi timabowo toomberapo. Denga la dothi siliyaka, ndipo apa mpamene mamangidwe amenewa anaposa linga wamba. Johnston anabweranso m'mwezi wa December 1895 ndi asilikari ngati 400, ena a iwo Asikh a ku India, pamodzi ndi mizinga ingapo, atakwera sitima za pa nyanja, ina yobwereka kwa Ajeremani. Mizinga inaomba kwa nthawi yaitali, ndipo zimene zinabvuta ndi zipolopolo zogwera m'kati mwa mudzi. Cina cinagwa pa nyumba ya Mlozi nicimbvulaza m'mutu. Komabe linga linalandidwa ndi miyendo ya anthu. Ankhondo a Mlozi ataturuka kudzamenyana pabwalo anapitikitsidwa, ndipo asilikari anakwera pa denga la tembe natsikira m'kati. Mlozi mwini wace anampeza wamoyo m'cipinda cokumba pansi pa nyumba yace, ndipo amene anamturutsamo ndi Sajeni Bandawe. Anaweruzidwa pamaso pa mafumu a Angonde, napacikidwa pa 4 December 1895, ndipo akapolo oposa 500 anamasulidwa. Munthuyo anali woipa, koma za mamangidwe anazidziwa.

Kwa Mpezeni zinayenda mwa njira yina. Angoni sanali anthu a malinga, pakuti anakhulupirira kuti linga la mudzi ndi anyamata ace. Midzi yao inali yaikuru, ya nyumba za udzu zozungulira khola la ng'ombe, yopanda cochinga. M'mwezi wa January 1898 asilikari ocokera ku Nyasaland anafika ndi mfuti za Maxim ndi mizinga, ndipo magulu a Nsingo, mwana wa Mpezeni, anakomana nazo poyera. Nkhondo inatha m'masabata owerengeka. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinatengedwa, ndipo Nsingo anaomberedwa m'mwezi wa February. Mlozi ndi matope ace anakhala zaka zisanu ndi zitatu. Mtundu umene unaopsa cigwa conse ca Luangwa sunafike mwezi wacitatu.

Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, ya 1939 mpaka 1945, nkhani ya mamangidwe inasanduka phunziro la akatswiri. M'caka ca 1943 Aamereka anamanga midzi iwiri m'cipululu ca Utah, pamalo ochedwa Dugway: wina wa nyumba za njerwa monga za ku Germany, wina wa nyumba za matabwa monga za ku Japan. Anaikamo mipando, makama ndi mphasa zofanana ndi za eni ace, kenaka naponyapo mabomba a mitundu mitundu kuti aone limene litentha msanga, zikapsa ankamanganso. Anapeza kuti nyumba za ku Japan, za matabwa opepuka ndi mapepala, sizifuna bomba lalikuru lophwanya, koma timabomba tambiri ta mafuta oyaka. Usiku wa pa 9 kucera pa 10 March 1945 ndege ngati 300 zinathira timabomba totere pa Tokyo mphepo ilikuomba, ndipo anthu ngati 100,000 anafa usiku umodzi, ambiri ndi moto ndi utsi. Munthu amene anaonapo lupsa likudya udzu wa m'dambo m'mwezi wa October angathe kuganiza pang'ono za usiku umenewo.

Ku England boma linagawira anthu malata okhuthala opindika akuti amangire pobisala kuseri kwa nyumba, ndipo tinyumbato tinachedwa Anderson. Munthu ankakumba dzenje lakuya ngati mapazi 4, naimika malatawo m'menemo, nakwirira ndi dothi pamwamba. Tinali tozizira, ndipo mvula ikagwa madzi ankadzaza pansi, kotero kuti ena ankakana kugonamo. Koma bomba likagwa pafupi nyumba ya njerwa inkagumuka kanyumba ka m'dothi nkutsala. Asilikari a Northern Rhodesia Regiment ndi a King's African Rifles amene anamenya nkhondo ku Burma m'caka ca 1944 anaona zofanana. Ajapani ankakumba maenje m'mapiri nawafolera ndi zipika za mitengo ndi dothi, ndipo mizinga ndi ndege zinkaomba tsiku lonse, koma asilikari poyandikira ankapeza eni maenje ali moyo ndi mfuti zao.

Bomba limapha ndi zinthu zitatu: mphepo yace yokankha, zidutswa zouluka, ndi moto. Masiku ano ku Mambwe, monga kwina konse, munthu akapeza ndalama amamanga ya njerwa zoocha, ya malata ndi mazenera a galasi, ndipo palibe womdzudzula, pakuti udzu umafuna kufolera kawiri kawiri. Nyumba yotere imapambana ya udzu pa moto. Pa mphepo ya bomba siipambana kweni kweni: khoma la njerwa zomangira dothi, lopanda zitsulo, limagwa lonse pamodzi ngati citseko, malata amang'ambika nauluka ngati zikwanje, ndipo galasi limasanduka mibvi. Nyumba ya simenti ndi zitsulo imapirira koposa, monga zinaoneka ku Hiroshima pa 6 August 1945, kumene zina zotere zinaimabe pakati pa phulusa la mzinda wonse. Koma mizati yace ikathyoka denga lolemera limatsikira pa anthu, ndipo palibe wolinyamula ndi manja. Wogweredwa ndi phaso ndi udzu angathe kukwawa nkuturuka, ngati moto sunayambe.

Mabomba a ndege anafika pafupi ndi kuno pa nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe. Pa 23 November 1977 ndege za boma la Ian Smith zinaukira misasa ya ZANLA ku Chimoio, m'dziko la Mozambique, ndipo patapita masiku awiri zinaukira Tembue m'cigawo ca Tete, kumwera kwa malire a Zambia. Ndege za Canberra zinanyamula timabomba tozungulira ngati mpira, mazana atatu ndege imodzi, topangidwa kuti tikagunda pansi tidumphe ndi kuphulikira m'mwamba pang'ono, kotero kuti zidutswa zinkasesa ponse ponse. Ndege zina zinaponya mafuta oyaka. Misasa inali ya nyumba za mitengo ndi udzu, ndipo anthu ambiri anali ataima pabwalo m'mawa. Ku Chimoio kunafa anthu oposa 1,000, ndipo pakati pao panali akazi ndi ana. Pa 19 October 1978 zomwezo zinagwera Zambia, pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, mailosi ngati 12 kumpoto kwa Lusaka, ndi pa msasa wa atsikana ku Mkushi. Anthu mazana mazana anafa tsiku limenelo.

Opulumuka anasintha mamangidwe ao. Pamene ankhondo a Rhodesia anabweranso ku dera la Chimoio kumapeto kwa September 1979, anapeza msasa watsopano uli womwazika m'nkhalango pansi pa mitengo, wozingidwa ndi ngalande zokhotakhota zoyendamo anthu, ndi maenje ofolera ndi zipika ndi dothi, ndipo mfuti zoombera ndege zinali pamwamba pa mapiri a miyala. Ngalande yokhota imaletsa zidutswa kuyenda mtunda wautali, ndipo kabomba kophulikira pamwamba pa nthaka sikamfika munthu amene mutu wace uli kunsi kwa nthakayo. Nkhondo tsopano inatenga masiku angapo, ndipo a ZANLA ambiri anacoka usiku ali amoyo, akufa nakhala owerengeka poyerekeza ndi poyamba. Pa 21 December 1979 pangano loletsa nkhondo linasainidwa ku Lancaster House mu London, ndipo ndegezo zinaleka kuoloka Zambezi.