Chikombole chinachokera kutali, wolowa ndi wa ku Kabwata

Sukulu ya pulaiveti ku Chelstone ikafuna kuti makolo aziona zotsatira za mayeso a ana awo pa intaneti, kapena gulu lobwereketsana ndalama ku Kabwata likafuna kuti membala aliyense aziona ngongole yake pafoni, wolemba mapulogalamu amene walembedwa ganyuyo sayambanso pa tsamba loyera. Amalemba mzere umodzi kapena iwiri pa kompyuta, ndipo mphindi zisanathe zambiri amakhala ali ndi polembetsera, polowera, njira yothandizira amene waiwala mawu achinsinsi, ndi posungira mayina a anthu pa seva. Eni ake ntchitoyi amazitcha zimenezi starter template. Ndi chikombole: woumba njerwa sayeza njerwa iliyonse payokha, amangoponya dothi m'chikombole chimene ena anachiyeza kale. Mbiri ya chikombole chimenechi ikusonyeza kuti tiyenera kuchikhulupirira kwathunthu pa nkhani yobisa mawu achinsinsi, koma tisachikhulupirire pa funso lakuti munthu wolowayo ndani, chifukwa amene anachipanga sankaganiza za munthu wa ku Lusaka.

Mawu achinsinsi a pa kompyuta anayamba kugwiritsidwa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ku yunivesite ya MIT ku America, pamene Fernando Corbató ndi anzake anakonza zoti anthu ambiri azigawana kompyuta imodzi, aliyense ndi mafayilo ake. Sipanapite nthawi, wophunzira wina wotchedwa Allan Scherr anasindikiza fayilo yonse ya mawuwo chifukwa ankafuna maola owonjezera pa makinawo. Kuyambira pamenepo nkhani yakhala yomweyo: wina amatseka, wina amapeza polowera, kenako wotsekayo amaphunzirapo kanthu. Mu 1979 Robert Morris ndi Ken Thompson a ku Bell Labs anafufuza mawu achinsinsi 3,289 ndipo anapeza kuti 86 mwa 100 aliwonse anali osavuta kulota. Iwo anafotokozanso njira imene tikuigwiritsabe ntchito lero, yosasunga mawuwo monga alili koma kuwasandutsa manambala ndi zilembo zimene sizingabwezedwe m'mbuyo, atawasakaniza kaye ndi tizilembo tapadera kwa munthu aliyense kuti anthu awiri osankha mawu ofanana asaoneke ofanana m'kaundula. Mu 1999 Niels Provos ndi David Mazières anatulutsa bcrypt, imene anaichedwetsa dala kuti wakuba akaba kaundula alephere kuyesa mawu mamiliyoni pa kanthawi kochepa.

Zambia sinali kutali ndi chiyambi cha intaneti mu Africa. Mu 1991 Yunivesite ya Zambia, pa Great East Road, inali itayamba kale kutumiza ndi kulandira makalata a imelo kudzera pa lamya, podalira Rhodes University ya ku South Africa. Mu November 1994 kampani ya Zamnet, yobadwira pa yunivesite pomwepo, inalumikiza dzikoli ku intaneti mokwanira, ndipo Zambia inatsogola mayiko onse a kumwera kwa Sahara kupatula South Africa. Chaka chomwecho Lou Montulli wa ku Netscape anapanga cookie, kachizindikiro kamene kamathandiza webusaiti kukumbukira kuti munthu uyu walowa kale, ndipo mu 1995 Rasmus Lerdorf anatulutsa PHP, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pa intaneti. Kwa zaka pafupifupi khumi zotsatira, ku Lusaka ngati kwina kulikonse, aliyense ankadzilembera yekha njira yolowera. Zotsatira zake zimadziwika bwino chifukwa ngakhale makampani aakulu anagwa m'mbuna yomweyo. Mu 2009 kampani ya RockYou inabedwa mawu achinsinsi oposa 32 miliyoni amene inkasunga poyera popanda kuwabisa n'komwe, ndipo otchuka kwambiri mwa iwo anali 123456. Mu 2012 mawu achinsinsi pafupifupi 6.5 miliyoni a LinkedIn anaikidwa pa intaneti, obisidwa inde, koma popanda tizilembo tapadera tija, zaka 33 Morris ndi Thompson atachenjeza.

Zikombole zinabwera ngati yankho la manyazi amenewa. Ruby on Rails ya David Heinemeier Hansson inatuluka mu 2004. Django inatuluka mu 2005, ndipo chosangalatsa n'chakuti inabadwira m'nyumba ya nyuzipepala, ya Lawrence Journal-World ku Kansas, kumene Adrian Holovaty ndi Simon Willison ankafunika kumanga mawebusaiti mwachangu atolankhani akudikira. Inabwera ndi kaundula wa ogwiritsa ntchito komanso tsamba la woyang'anira zili zopangiratu. Mu June 2011 Taylor Otwell anatulutsa Laravel, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti CodeIgniter, imene anthu a PHP ankakonda nthawi imeneyo, inalibe njira yakeyake yotsimikizira wolowa. Chaka chomwecho ku Lusaka kunabadwa BongoHive, imene Lukonga Lindunda, Simunza Muyangana, Silumesii Maboshe ndi Bart Cornille anayambitsa kuti achinyamata olemba mapulogalamu azikumana ndi kuphunzitsana. Zinangochitika kuti zinagwera chaka chimodzi, koma tanthauzo lake ndi lalikulu: mbadwo umene unaphunzira kumanga mapulogalamu a pa intaneti mu Lusaka pambuyo pa 2011 unapeza zikombole zili kale pabwalo, zaulere. Kumapeto kwa 2015 Laravel inaika lamulo limodzi lokha, make:auth, lotulutsa masamba onse olowera, mu 2020 inabweretsa zikombole za Jetstream ndi Breeze, ndipo mu 2024 nayo Rails inaika njira yakeyake yotere.

Pali akatswiri akale amene amadandaula kuti zimenezi zabala mbadwo wa aulesi, ana odziwa kusindikiza batani koma osadziwa chimene chikuchitika kuseri. Dandaulo limeneli lili ndi mbali yoona, chifukwa amene sadziwa chifukwa chake bcrypt imachedwa akhoza kuichotsa tsiku lina pofuna kufulumizitsa webusaiti. Koma mankhwala ake ndi kuwerenga chikombolecho mzere ndi mzere, osati kuchitaya. Njira yolowera ya Django yawerengedwa ndi maso zikwizikwi kwa zaka pafupifupi 20, yayesedwa ndi akuba enieni, ndipo yakonzedwa nthawi iliyonse imene inapezeka ndi mng'alu. Imene mnyamata wa ku Woodlands angalembe yekha usiku umodzi, ngakhale akhale wanzeru bwanji, yawerengedwa ndi munthu m'modzi. Amene amalipira zolakwa zake si iye, ndi kholo la ku Chelstone lija, limene mwina likugwiritsa ntchito mawu achinsinsi omwewo ku banki. Ndipo palibe anganene kuti akuba a pa intaneti sadziwa njira ya ku Lusaka: mu May 2022 gulu la Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia, pa Cairo Road penipeni.

Pamene chikombole chimalephera ndi pena, ndipo olemba mapulogalamu athu sakambapo mokwanira. Pafupifupi template iliyonse yotchuka imayamba ndi kufunsa imelo. Breeze imakulowetsa ndi imelo, ukaiwala mawu achinsinsi imakutumizira ulalo ku imelo, ikafuna kutsimikiza kuti ndiwe munthu weniweni imatumizanso ku imelo. Kwa amene anazipanga, munthu ndi imelo yake. Koma mbiri ya Zambia inayenda njira ina. Kuno munthu amadziwika ndi NRC, chiphaso chimene nzika imatenga ikakwanitsa zaka 16, chimene chinayamba dzikoli litangolandira ufulu, ndipo amadziwikanso ndi nambala ya foni. Celpay inayamba kulipiritsa zinthu pafoni mu Zambia mu 2002, zaka zisanu M-Pesa ya ku Kenya isanabadwe. Kampani ya Zoona inabwera mu 2009, kenako Airtel Money ndi MTN Mobile Money zinadzaza misewu ndi timashopu tachikasu ndi tofiira kuyambira ku City Market mpaka ku Kabulonga. Bungwe la ZICTA linakakamiza kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake, ndipo kumayambiriro kwa 2014 manambala osalembetsa anatsekedwa. Choncho nambala ya foni inasanduka dzina lachiwiri la munthu, lomangiriridwa ku NRC yake ndi ku ndalama zake. Mayi wogulitsa pa msika wa Kabwata amadziwa PIN yake ya mobile money ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku. Imelo, ngati ali nayo, n'kutheka kuti anamutsegulira ndi mnyamata wa pa shopu ya mafoni tsiku limene ankaika WhatsApp, ndipo mawu ake achinsinsi sanawasunge.

Mukapatsa mayi ameneyu tsamba lofunsa imelo, chimachitika n'chodziwikiratu. Amapempha mwana wake kapena mlembi wa gulu kuti amulembetsere, ndiye kuti kiyi wa akaunti yake ali m'manja mwa munthu wina kuyambira tsiku loyamba. Akaiwala mawu achinsinsi, ulalo umapita ku imelo imene sangatsegule, ndiye amaimbira foni woyang'anira, ndipo woyang'anirayo, pofuna kuthandiza, amamuikira mawu osavuta n'kumuuza pafoni, nthawi zina omwewo amene anauza mamembala ena. Masamu onse a Provos ndi Mazières amakhala ali m'malo mwake, osasokonezedwa, koma chitetezo palibe. Apa m'pamene ndikuona kuti ulesi weniweni uli, osati pogwiritsa ntchito chikombole, koma pochisiya monga chinabwerera. Django inalola kuyambira mu 2013 kuti wolemba pulogalamu asinthe chimene chimadziwitsa munthu, n'kuika nambala ya foni m'malo mwa dzina lolowera, ndipo Laravel nayo imalola. Khomo losinthira lilipo. Chofunika ndi kudziwa kuti ntchito ya ku Lusaka imayambira pamenepo.

Wina adzatsutsa kuti nambala ya foni ndi yofooka kuposa imelo, ndipo sakunama. Bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linaika mu 2017 manambala otumizidwa pa SMS m'gulu la njira zoyenera kusamala nazo, chifukwa wakuba akhoza kunyengerera wogwira ntchito ku kampani ya mafoni kuti asamutsire nambala ya munthu pa simu khadi ina. Aliyense wa ku Lusaka walandirapo uthenga wonama womuuza kuti atumize ndalama pa nambala yakutiyakuti, kapena foni ya munthu wonamizira kuti ndi wa ku kampani ya mafoni amene akufuna PIN. Makampani amaperekanso kwa munthu watsopano nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kotero akaunti ya mwini wakale ikhoza kugwera mlendo. Mafoni ambiri amabwerekanidwa m'banja. Zonsezi n'zoona, koma sizikutanthauza kuti tibwerere ku imelo imene munthu alibe. Zikutanthauza kuti chikombole chakuno chiyenera kukhala cholimba kuposa chobwera: nambala ya foni pamodzi ndi PIN imene munthu wasankha yekha, malire a kangati angalakwitse asanatsekeredwe, kufunsanso asanatulutse ndalama kapena kusintha nambala, kutuluka kokha pakapita mphindi zochepa poganizira foni yobwerekana, ndi njira yomveka ya amene wataya simu khadi, ngakhale itakhala yoti akaonekere ndi NRC yake ku ofesi. Nambala ya NRC payokha siyenera kukhala mawu achinsinsi, chifukwa inalembedwa kale m'mabuku a alonda a pageti a maofesi ambirimbiri mu mzinda uno.

Palinso njira yachidule imene yakopa ambiri zaka zapitazi, yopereka ntchito yonse yotsimikizira wolowa kwa makampani akunja monga Firebase ya Google kapena Auth0, kapena kungoika batani lolowera ndi Google kapena Facebook, zimene zimatheka chifukwa cha muyezo wa OAuth 2.0 wa mu 2012. Ubwino wake ndi woonekeratu, makamaka kwa amene anaona mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, pamene kusunga seva m'chipinda cha kuseri kwa ofesi kunali kudzipha. Koma lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti uthenga wokhudza anthu uzisungidwa pa seva za mu Zambia, kupatula pamene nduna yaloleza, ndipo uthenga wachinsinsi kwambiri, monga wa zaumoyo, suyenera kutuluka wamba. Limafunanso kuti akuba akalowa, wosunga uthengawo adziwitse ofesi ya Data Protection Commissioner mkati mwa maola 24. Palibe template ya ku Kansas kapena ku Arkansas, kwawo kwa Otwell, imene imadziwa zimenezi. Ilibe polembera kuti munthu anavomera liti kuti uthenga wake usungidwe, ndipo siikumbutsa aliyense za maola 24. Kachipatala ka ku Woodlands kamene kalemba ganyu wophunzira kuti akakonzere kaundula wa odwala kali pansi pa lamulo limeneli mofanana ndi banki, ngakhale mwini wake sanalimvepo. Malo osungirako seva monga a Infratel alipo m'dziko muno, ndipo mtengo wake uyenera kulowa m'kuwerengera ntchito isanayambe, osati itatha.

Chimene chikusoweka si nzeru. Mzinda umene unatsogola kulumikiza intaneti mu 1994 ndi kulipira pafoni mu 2002 uli ndi anthu okwanira olemba template yakeyake, yaulere kwa onse, yomangidwa pamwamba pa Django kapena Laravel popanda kukhudza mbali yobisa mawu achinsinsi: yoyamba ndi +260, yodziwa kalembedwe ka nambala ya NRC, yotha kulankhula ndi USSD kwa amene ali ndi foni ya mabatani, yokhala ndi mauthenga a Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga, ndi yolemba chilolezo cha munthu monga lamulo la 2021 likufunira. Panopa kampani iliyonse imakonza zimenezi payokha ndi mobisa, ndipo imabwereza zolakwa za inzake, monga momwe dziko lonse linkachitira ndi mawu achinsinsi zaka za m'ma 1990. BongoHive, dipatimenti ya kompyuta ya ku Yunivesite ya Zambia ndi Smart Zambia Institute, imene imayendetsa webusaiti ya boma ya ZamPortal, ndiwo ali pamalo oyenera kuitanitsa ntchitoyi ndi kulipira anthu awiri kapena atatu oti aziisamalira chaka ndi chaka, pakuti template yosakonzedwa imakalamba msanga ndipo imafalitsa mng'alu wake kwa onse amene anaikopera.