Thomas Schelling

Thomas Crombie Schelling (14 Epulo 1921 – 13 Disembala 2016) anali katswiri wa zachuma wa ku United States amene anatchuka chifukwa chofufuza mmene mayiko okhala ndi zida za nyukiliya angapewere nkhondo. Mu 2005 analandira mphoto ya Nobel ya zachuma pamodzi ndi Robert Aumann.

Maphunziro ndi ntchito

Schelling anabadwira ku Oakland, California. Anaphunzira zachuma pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo mu 1951 analandira digiri ya PhD ku Harvard. Asanayambe uphunzitsi anagwira ntchito ya boma ku Ulaya pa ndondomeko ya Marshall Plan, yomanganso mayiko amene anasakazidwa ndi Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, kenako anagwira ntchito ku White House. Anayamba kuphunzitsa ku Yale mu 1953, n'kupita ku Harvard mu 1958. Anachitanso kafukufuku ku RAND Corporation, bungwe limene linkalangiza asilikali a dziko la America. Mu 1990 anasamukira ku yunivesite ya Maryland.

Maganizo ake

Mabuku ake odziwika kwambiri ndi The Strategy of Conflict la mu 1960 ndi Arms and Influence la mu 1966. Iye anafotokoza kuti ntchito yaikulu ya bomba la nyukiliya ndi kuopseza mdani kuti asayambe nkhondo, ndipo kuopsezako kumagwira ntchito pokhapokha mdaniyo akakhulupirira kuti akaputa adzabwezeredwa. Anachenjezanso kuti ngati dziko lililonse likuopa kuti linzake liliukira modzidzimutsa, lingathe kufulumira kuponya bomba, nkhondo n'kuyamba ngakhale palibe amene amaifuna. N'chifukwa chake ankalimbikitsa adani kuti azilankhulana komanso kugwirizana zochepetsa zida. Anali m'gulu la anthu amene ankafuna kuti atsogoleri a ku Washington ndi ku Moscow akhale ndi njira yolumikizirana mwachangu. Njirayi inakhazikitsidwa mu 1963, patatha mkangano wa mizinga ya ku Cuba wa mu 1962.

Ubale wake ndi boma

Schelling ankalangiza boma, koma mu 1970 anatsogolera gulu la aphunzitsi a ku Harvard kukakumana ndi Henry Kissinger pofuna kutsutsa zoti asilikali a America alowe m'dziko la Cambodia. Polandira mphoto ya Nobel, anakamba za zaka 60 zimene zinali zitadutsa chiphulitsire mabomba ku Hiroshima ndi Nagasaki popanda dziko lina kuponyanso bomba la nyukiliya pa nkhondo, ndipo anati mwambo umenewu uyenera kusungidwa.