Mbiri ya Galimoto ya Land Rover

Ana inu, kafunseni agogo anu za galimoto imene inali kufika kumudzi ndi akulu a boma kapena a cipatala m'nyengo ya dzinja, miseu itasanduka matope. Ambiri adzachula Land Rover.

Galimoto imeneyi kwao ndi ku Britain. Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse itatha, a Maurice Wilks a kampani ya Rover anali kugwiritsa nchito Jeep ya asilikali a ku America pa munda wao ku Anglesey. M'caka ca 1947 anaganiza zopanga ina yonga iyo, yothandiza alimi. Popeza citsulo cinali cosowa, thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. Anaionetsa poyera koyamba ku Amsterdam mu 1948.

Eni ake anali kuitamanda, komanso kudandaula nayo. Mawilo onse anai anali kukoka, ndipo makanika wa pansi pa mtengo anali kuikonza ndi zida zocepa. Koma inali kudontha oilo, kumwa mafuta kwambiri, ndipo woyenda nayo ulendo wautali anali kutsika msana ukuwawa. Aluminiyamu sicita dzimbiri, koma citsulo ca kunsi cinali kudyeka ndithu.

Mtundu wakale uja, umene pambuyo pake unachedwa Defender, analeka kuupanga ku Solihull mu Januwale 2016.