Kusankha mbedza ndi chingwe powedza ncheni ndi kampango

M'boma la Lago, kuchokera ku Meluluca kudzera ku Metangula mpaka ku Cóbuè, alimi ambiri amapita kukawedza ntchito ya kumunda ikachepa. Chida choyenera chimatengera nsomba imene munthu akufuna.

Ncheni imasaka usipa pakati pa madzi ndipo ili ndi mano akuthwa. Imafuna mbedza yapakatikati, nyambo ya usipa wauwisi ndi chingwe cha nailoni chosaoneka msanga m'madzi oyera a Nyanja ya Niassa. Gawo loyandikira mbedza liziunikidwa nsomba iliyonse ikakodwa, chifukwa mano amalikhekhesa.

Kampango amakhala pansi, pafupi ndi miyala, ndipo amadya kwambiri usiku. Pamafunika chingwe chokhuthala, mbedza yaikulu ndi mtovu wolemera woti ufikitse nyambo pansi. Chingwe chopyapyala chimadukira m'miyala, mbedza n'kupita ndi nsomba.

Pogula mbedza, nambala zimasokoneza: nambala 12 ndi yaing'ono kuposa nambala 6. Mbedza yadzimbiri kapena yobuntha imangodyetsa nyambo pachabe.

Wowedza pamwala wa m'mphepete amathandizidwa ndi ndodo ya nsungwi. Wa m'bwato chingwe chamanja chimamukwanira, bola chikulungidwe pakathabwa kuti chisapotane. Nyengo ya mwera, makamaka mu Juni ndi Julayi, mtovu wopepuka umatengeka ndi mafunde.

Kuyambira mu 2011 mbali ya Mozambique ya nyanjayi ndi malo otetezedwa. Kugwira nsomba ndi neti ya udzudzu n'koletsedwa, chifukwa imakokolola ndi tiana tomwe, pamene mbedza yaikulu bwino imasiya tinsomba tating'ono kuti tikule.