Kutayika kwa mphamvu ya magetsi mu thiransifoma

Thiransifoma ndi makina amene amakweza kapena kutsitsa ukali wa magetsi, womwe umayezedwa m'ma volt. Magetsi ambiri amene amafika m'dera la Mfumu Malengachanzi, m'boma la Nkhotakota, amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Amayenda pa nthambo za bungwe la Escom za ma volt 132,000 zodutsa m'mbali mwa nyanja, kenaka amatsitsidwa kufika pa 33,000 kapena 11,000, ndipo pomaliza pa 400 ndi 230 kuti alowe m'zigayo, m'mashopu ndi m'nyumba. Pa thiransifoma iliyonse imene magetsiwa adutsapo, mbali ina ya mphamvu yake imasanduka kutentha n'kutayika.

Kutayikaku kuli mitundu iwiri. Woyamba umachitika m'chitsulo cha pakati, chimene nthambo za mkuwa zimakulungidwapo. Magetsi a m'dziko muno amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, ndipo mphamvu ya maginito m'chitsulocho imatembenuka nawo. Kutembenukaku kumadya mphamvu, komanso kumadzutsa timagetsi tozungulira m'chitsulo momwemo timene timachitenthetsa. N'chifukwa chake chitsulochi sachiumba chathunthu, koma amasanja timapepala tachitsulo topyapyala tosakanizidwa ndi silikoni, tokutidwa kuti tisapatsirane magetsi. Kutayika kwa mtundu umenewu sikuleka usana ndi usiku, ngakhale mudzi wonse utazimitsa nyali.

Mtundu wachiwiri umachitika m'nthambo zokulungidwazo, ndipo umakula ndi katundu amene thiransifoma yasenza. Magetsi odutsa akachuluka kawiri, kutayika kumachuluka kanayi. Akachuluka katatu, kumafika kasanu ndi kanayi. Choncho m'nyengo yokolola, pamene makina opunthira mpunga, zigayo ndi mafiriji osungira nsomba zikugwira ntchito nthawi imodzi, thiransifoma yochepa msinkhu imatentha msanga. Zimenezi zimachitikanso katundu akalemera pa nthambo imodzi mwa zitatu zotuluka, kapena anthu akalumikiza magetsi mozemba.

Mathiransifoma akuluakulu amataya mphamvu yosafika 1 peresenti, pamene aang'ono a pamitengo amataya yoposerapo pang'ono. Gawoli limaoneka laling'ono, koma makinawa ndi ochuluka ndipo sapuma chaka chonse. Mphamvu yotayikayo idapangidwa ndi ndalama, ndipo mtengo wake pomaliza umagwera wogula magetsi.

Choopsa chachikulu ndi kutenthako. Nthambo za mkati zimakutidwa ndi pepala lapadera, ndipo zimamizidwa m'mafuta amene amaziziritsa ndi kuteteza kuti magetsi asadumphe. Akatswiri amawerengera kuti kutentha kukapitirira muyezo ndi madigiri 6 okha, pepalalo limakalamba mofulumira kawiri. Kumalo otentha ngati kunyanja, makaka mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wozungulira suthandiza kwenikweni kuziziritsa. Akuba akakhetsa mafutawo, monga zimachitikira m'madera ambiri m'dziko muno, thiransifoma imapsa posachedwa ndipo dera lonse limakhala mumdima.

Njira zochepetsera vutoli ndi zodziwika: kuika thiransifoma yolingana ndi kuchuluka kwa ogwiritsa ntchito, kugawa katundu mofanana pa nthambo zitatu, kuyeza mafuta nthawi ndi nthawi, ndi kusalumikiza magetsi popanda chilolezo. Thiransifoma ikayamba kudontha mafuta, kulira mosiyana ndi masiku onse kapena kununkha zopserera, anthu ayenera kuima patali ndi kudziwitsa Escom mwamsanga.